Ulusi wa Mfundo Zisanu ndi Zinayi

Ndikukumbukira Loweruka lachiwiri la mwezi wa Juni, chaka chimene ndinali mu Sitandade 7, chifukwa ndinalilemba. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndinali ndi kope lachikuto chobiriwira momwe ndinkaikamo zinthu zimene pakamwa panga pankalephera kunena. Masana a tsiku limenelo ndinakhala pa bwato lovundikira kuseri kwa nyumba yathu ku Yofu, mudzi wa pachilumba chathu, Baibulo lili pamiyendo, bambo anga atakhala pamchenga akusoka ukonde. Mwera unkawomba, masamba a bukulo akungofuna kutembenuka okha. M'kope muja, pa tsiku limenelo, muli mizere iwiri yokha: "Lero ndawanamiza ababa. Sanandikalipire."

Bambo anga, a Barnaba, anali siginala. Ndiye kuti iwo ndi amene ankakhala m'kabwato ka nyali, kukopa usipa kuti anzawo aukute ndi ukonde waukulu wa chilimira. Ankabwerako m'mawa, maso ali psuu, malaya atauma ndi mamba. Usipa suyang'ana kuti lero ndi Lamulungu. Ukafika pagombe uyenera kuyanikidwa pa matandala, nsanja zoyanikapo nsomba, nthawi yomweyo, ukachedwa umafewa mimba n'kuyamba kununkha. Tsono pa nthawi imene anthu ovala zoyera ankakwera njira ya ku Chipyela kupita kutchalitchi, asodzi ndi amayi oyanika usipa ankakhala atawerama, manja ali m'mabeseni. Ena ankatha miyezi osamva ngakhale nyimbo imodzi ya Mulungu.

Tsiku lina a Zuze, mnzawo wa bambo wochokera ku Cobue, kutsidya kwa nyanja, munthu wanthabwala kwambiri, anaimirira n'kuyang'ana anthu opita kutchalitchi aja. Anati, "Ifetu tikadzafa, angelo akadzatifunsa kuti ndinu a mpingo uti, tidzangoti wa chilimira." Onse anaseka, koma bambo sanaseke. Lamulungu lotsatira anabwera kugombe ndi Baibulo la malemu mayi anga atalikulunga m'jumbo. Anakwera pa kreti pakati pa matandala awiri, n'kunena kuti, "Musasiye ntchito. Manja aziyanika, makutu azimva."

Mapemphero a pa matandala anayamba choncho. Panalibe kandulo, panalibe benchi, panalibe wogwada chifukwa pansi pankakhala madzi a nsomba. Anyamata ena anabweretsa sipika, n'kumailumikiza ku batire la nyali za bambo. Ankaika nyimbo zatsopano za pa foni, zija zoti munthu sungaimve osagwedeza mapewa. Batirelo linkakhala litagwira kale ntchito panyanja, tsono nthawi zambiri linkathera pakati pa nyimbo. Zikatero a Zuze ankatola chigubu chopanda kanthu n'kuyamba kuchiomba, anthu n'kupitiriza ndi pakamwa. Akhwangwala ankazungulira pamwamba, ntchentche zili ng'waa, amayi akuimba uku zala zikumwaza usipa. Poyamba tinalipo anthu asanu ndi awiri. Pofika nyengo yozizira ena ankachokera ku Khuyu, ndipo amalonda a kutsidya akagona pachilumba ankabwera kudzaima nafe.

Panali chinthu chimodzi chimene anthu onsewo sankachidziwa. Bambo anga sankatha kuwerenga. Anabadwira kutsidya nthawi ya nkhondo, ndipo anafika pachilumba ali mnyamata wamkulu kale, sukulu asanaipondeko. Kwathu kuno kusawerenga ndi chinthu chochititsa manyazi, pakuti ngakhale nkhalamba zopanda mano zimatsegula buku la mapemphero n'kumatsatira ndi chala. Bambo ankalowa m'tchalitchi atagwira buku la nyimbo ngati wina aliyense, n'kumaimba za pamtima. Woyandikana nawo akatembenuza tsamba, iwonso ankatembenuza. Mayi anga ndiwo ankadziwa. Atamwalira, chinsinsicho chinatsala ndi ine.

Tinali ndi njira yathu. Loweruka lililonse masana, iwo akusoka ukonde, ine ndinkawawerengera mawu a mawa lake. Ndinkawerenga ndime imodzi, iwo n'kubwereza. Ndinkawerenganso, iwo n'kubwerezanso, mpaka mawuwo atakhazikika. Akaigwira ndimeyo ankamanga mfundo imodzi pa kachidutswa ka ulusi wosokera ukonde, kenako tinkapita pa ndime ina. Tikamaliza, ulusiwo tinkauika pa tsamba lomwelo. Lamulungu akatsegula buku, maso ankakhala pa zilembo koma chala chachikulu chinkayenda pa mfundo zija, imodziimodzi. Sankaphonya ngakhale liwu. Nthawi zina ankachita kuima pang'ono ngati munthu amene akuvutika kuona chilembo chaching'ono, ine kuseri kwa thandala n'kumaluma milomo kuti ndisaseke.

"Mayi wanga," ankatero tikamaliza, pakuti ndi mmene ankanditchulira, "iwe ndiwe maso, ine ndine pakamwa."

Ndinkasangalala nazo, mpaka nkhani ya mapempherowa inafika kusukulu. Ine ndine munthu woti aphunzitsi akanditchula dzina m'kalasi, mawu amandithawa. Ndinkakhala kumbuyo, pafupi ndi zenera, ndipo chimene ndinkafuna n'chakuti pasakhale wondiona. Koma mtsikana wina wa m'kalasi mwathu, Agnesi, anayamba kugwira mphuno ndikamadutsa. "Aleluya wa usipa wafika," ankatero, anzake n'kuyankha kuti, "Ameni wa ntchentche!" Tsiku lina ndinapeza mutu wa usipa m'buku langa la masamu. Sindinauze munthu. Ndinangolemba m'kope.

Kunyumba nakonso sikunali bata. Mkulu wawo wa mayi anga, amayi aakulu a Sesiliya, ankakhala ku Chipyela, ndipo sanaphonyepo Misa chibadwire. Anabwera tsiku lina n'kukana ngakhale mpando.

"Alamu," anatero, "nyumba ya Mulungu ilipo. Makolo athu anasenza miyala pamutu kuti aimange. Inu mwaona kuti Mulungu mumuitanire pa ntchentche?"

"Alamu, nyumbayo ndimailemekeza," bambo anayankha mofatsa. "Koma usipa ukafika, anthuwa apite bwanji? Ndangoti amve kanthu pomwe ali."

"Nanga mwana wa mng'ono wangayu? Azikula akuyesa chigubu ndiye belu?"

Anachoka akunena kuti abwera ndi munthu wodziwa Malemba kuti adzamve zimene zimaphunzitsidwa kugombeko. Bambo anangoti, "Abwere, malo alipo."

Ndiye linafika Loweruka lija. Bambo anali atasankha nkhani ya anthu awiri amene ankabwerera kumudzi kwawo ali achisoni Ambuye atafa, mlendo n'kuwapeza panjira. Ankaikonda chiyambire pomwe anaimva kutchalitchi, ndipo ankafuna kuti asodzi aimve yonse monga inalembedwera. Ndi nkhani yaitali. Tinayamba bwinobwino, mfundo yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Tili pa yachisanu ndi chinayi, pomwe anthu awiri aja akumuuza mlendoyo kuti chiyembekezo chawo chatha, ndinamva kuseka m'njira ya kuseri kwa mlambe. Anali Agnesi ndi anzake awiri, atasenza mitolo ya chinangwa. Anaima n'kumatiyang'ana. Agnesi anagwira mphuno, n'kukweza dzanja lina m'mwamba ngati mlaliki.

Nkhope yanga inatentha. Ndinatseka buku.

"Yathera pomwepa," ndinatero.

Bambo anasiya kusoka. "Yathera pomwepa? Anthuwotu akadali panjira."

"Eya, ababa. Zinazo ndi mutu wina."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana kunjira kuja, kumene atsikana aja anali atayamba kuyenda akusekabe. Ndikudziwa tsopano kuti anadziwa, pakuti nkhaniyo anali ataimvapo kangapo. Koma anangoluma ulusi uja ndi mano n'kuudula, n'kundipatsa kuti ndiuike pa tsamba.

"Chabwino, mayi wanga. Watopa. Pita ukapume."

Mwina ankaganiza kuti akawerenga zisanu ndi zinayizo, atseka buku n'kufotokoza zotsalazo m'mawu awoawo, ndipo palibe akanadabwa. Zikanathekadi, pakanapanda alendo.

M'mawa mwake usipa unaphedwa wambiri, matandala onse anadzaza. Tili pa nyimbo yachiwiri, ndinaona amayi aakulu akutsika njira atavala zoyera. Pambuyo pawo pankabwera a Mikaeli, mphunzitsi wopuma ntchito amene anaphunzitsa pafupifupi theka la anthu a m'mudzi mwathu. Anali atavala jekete ndi magalasi, Baibulo lawo lili kukhwapa. Sanabwere mwaukali. Anapereka moni kwa aliyense, a Zuze n'kuwapukutira kreti kuti akhalepo. "Pepani aphunzitsi, mipando yathu ndi yonunkhira," anatero a Zuze, a Mikaeli n'kuseka.

Bambo anatchula buku ndi mutu monga ndinawauzira. A Mikaeli anatsegula lawo n'kuika chala pa mzere. Bambo anayamba, mawu awo ali amphamvu monga mwa masiku onse. Ndinkaona chala chawo chikutsika pa ulusi. Chitafika pa mfundo yomaliza, anapuma n'kuyamba kutseka buku.

"Pitirizani, a Barnaba," anatero a Mikaeli, maso akadali m'buku lawo. "Mukuwerenga bwino kwambiri. Pokoma pake ndi kutsogoloku, musatisiye panjira."

"Eya, pitirizani!" anavomera mayi wina ali kuthandala.

Bambo anatsegulanso buku. Anayang'ana tsambalo nthawi yaitali. Sipika inali itazima, ndipo chimene chinkamveka ndi ntchentche ndi mafunde basi. Kenako anadzutsa mutu n'kundifunafuna ndi maso mpaka anandipeza. Sananditchule dzina. Anangondiyang'ana, buku atalipendeketsa pang'ono kuloza kwa ine. Panali mapazi khumi okha kuchokera pomwe ndinaima. Ndikanangopita, n'kulandira bukulo, anthu akanayesa kuti bambo akufuna kuonetsa mwana wawo. Koma kumbuyo kwa amayi aakulu kunali kutaima ana a sukulu amene anatsatira alendowo, ndipo Agnesi anali pomwepo. Ndinaweramitsa mutu, n'kuyamba kutembenuza usipa umene unali utatembenuzidwa kale.

Ndinamva bambo akutsika pa kreti.

"Abale anga," anatero, "ine sinditha kuwerenga. Sindinapiteko kusukulu. Zonse zimene mwakhala mukumva pano ndimachita kuloweza. Lero zimene ndinaloweza zathera pamenepa."

Sananene kuti amawawerengera ndani, ndipo sananene chifukwa chake zinathera pamenepo. Mnyamata wina anaseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono. Mayi uja amene anati pitirizani anati, "Ha! Tsono miyezi yonseyi bukulo amangoligwira?" Amayi aakulu anayang'ana pansi. A Mikaeli anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, n'kuwapukutabe. A Zuze anayesa kuomba chigubu, koma amene anaimba anali atatu okha.

Pobwerera kunyumba ndinkayenda kumbuyo kwa bambo, ndikuyembekezera mawu. Ndinkafuna andikalipire, ngakhale kundimenya kumene, chinthu chimene sanachitepo. Titafika pakhomo anatsuka m'manja, n'kunena kuti, "Ndinakusenzetsa katundu wa munthu wamkulu, mayi wanga. Wolakwa ndine." Analowa kukagona. Ine ndinatsala pakhonde. Mawu akuti pepani ndinali nawo, koma sanatuluke.

Loweruka lotsatira sanandiitane. Ndinawaona akutenga Baibulo lija m'jumbo n'kutuluka, ndipo ndinaganiza kuti akukalipereka kwa amayi aakulu, poti linali la m'bale wawo. Sindinafunse. Mapemphero anapitirira, koma anthu anachepa. Ena ankati sangaphunzitsidwe ndi munthu amene anawapusitsa ndi buku. A ku Khuyu analeka kubwera. Bambo sanakwerenso pa kreti, ankangoyambitsa nyimbo ndi kupemphera mwachidule. Ine ndinayamba kupita ku Chipyela ndi amayi aakulu, n'kumadutsa njira yakumtunda kuti ndisaone matandala.

Chifuwa chinawayamba bambo mu Julayi. Siginala amakhala pamadzi osagwedezeka, mphepo ikumulowa m'mafupa, ndipo chaka chimenecho mwera sunapume. Anapitabe kunyanja milungu iwiri akutsokomola. Pomwe ankawatengera kuchipatala anali atachepa ngati mwana. Ndinkapita kukawaona ndikaweruka kusukulu, n'kukhala pamphepete pa bedi. Tsiku lililonse ndinkanyamuka nditakonza mawu oti ndikanene, ndipo tsiku lililonse ndinkangowafunsa ngati amwa phala. Anamwalira Lachitatu m'mawa, mu Ogasiti, ine ndili m'kalasi.

Mwambo wa maliro unachitikira kutchalitchi, mwaulemu wonse. Koma potuluka kupita kumanda, asodzi amene ananyamula bokosi anayambitsa nyimbo ya pa matandala, a Zuze akuomba chigubu misozi ili chuchuchu. Ndinayang'ana amayi aakulu kuti mwina awaletsa. Sanawaletse. Kuyambira tsiku limenelo ndinasamukira kwawo, ndipo andilera bwino.

Papita zaka zinayi. Tsopano ndili Folomu 3, ndipo ndabwera kutchuthi. Lero m'mawa amayi aakulu amayanika zovala za m'sutikesi padzuwa, ndipo anatulutsa jumbo yakuda. "Ili ndi la mayi ako, kenako linali la bambo ako," anatero. "Ndinalipeza kumutu kwa mphasa yawo. Wakula, tenga."

Bukulo likununkhabe utsi ndi nsomba. M'masamba ake muli timaulusi tambirimbiri, kalikonse pa tsamba lake, Loweruka lililonse limene tinakhala pa bwato lija. Ndinatsegula pa nkhani ya anthu awiri aja. Ulusi unalipo, wakuda, wa mfundo zisanu ndi zinayi. Koma kumapeto kwake, pomwe bambo anadula ndi mano paja, panali patalumikizidwa ulusi wina wobiriwira, ndipo unali ndi mfundo khumi ndi zinayi. Ine sindinawawerengerepo ndime zimenezo.

Ndinathamangira kwa a Mikaeli. Akalamba kwambiri, ndipo ndinawapeza akuwothera dzuwa pakhonde. Nditawaonetsa ulusiwo anaugwira nthawi yaitali.

"Bambo ako anabwera kuno Loweruka lotsatira," anatero. "Ine ndinali ndi manyazi moti ndinafuna kubisala, poti ndine ndinawaika pa mpanipani uja osadziwa. Koma anangokhala pansi apo n'kuti, aphunzitsi, ndimalizireni nkhani ija. Tinatha milungu itatu, Loweruka lililonse. Mutu wogwira zinthu ngati umene uja, mwanawe, sindinauonepo m'kalasi mwanga."

"Nanga bwanji sanakainene kugombe?"

"Ndinawafunsa. Ndinati ndibwera ndidzakhale kutsogolo. Anati ayi, ndikudikira mwana wanga. Anati tsiku limene mwanayo adzabwere yekha kumatandala, iye adzawerenga m'buku, ine ndizidzatsatira pa ulusi, tione ngati aphunzitsi sanandinamize." A Mikaeli anaseka pang'ono, kenako anapukuta m'maso. "Anatinso ndisakuuze. Amati mwanayo ndi wamanyazi, mukamukakamiza amafota."

Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti bambo anasiya kundiitana chifukwa ndinawakhumudwitsa. Lero ndadziwa kuti ankandidikira, ndipo ine ndinkadutsa njira yakumtunda. Ndinkayesanso kuti manyazi anga ndi chinthu chofatsa chimene sichipweteka munthu wina, poti wamanyazi amangokhala chete. Koma kukhala chete kwanga kwa tsiku lija kunamusiya munthu ataima yekha pa kreti, buku lili lotsegula m'manja. Iwo amene anali ndi chifukwa chenicheni chochitira manyazi anaimirira n'kunena zoona pamaso pa mudzi wonse. Ine ndinalephera kuyenda mapazi khumi.

Ndafunsa, ndipo andiuza kuti mapemphero a pa matandala akadalipo. Amasonkhana ochepa, mawu amawerenga pa foni, ndipo a Zuze akuombabe chigubu ngakhale tsitsi layera. Ndawauza amayi aakulu kuti mawa sindipita nawo ku Misa yoyamba. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana jumbo ija, n'kungoti, "Uvale nsapato zakale, kumakhala madzi a nsomba kumene kuja."

Kope lobiriwira lija linadzaza kalekale, koma ndili ndi lina, ndipo ndalembamo kuti ndisadzabwerere m'mbuyo. Mawa ndidzuka m'mamawa, ndiyenda njira yakumunsi mpaka ku Yofu. Ndikawapempha a Zuze kreti. Mawu akakandithawa ndikadikira mpaka abwerere. Ndikayambira pa ndime yakhumi, chala chili pa ulusi wobiriwira, ndipo sindikatseka buku mpaka anthu awiri aja atafika kwawo.